ZIMENE DOTOLO AMAMVA M'CIFUWA

Pa sukulu ya udotolo ya Yunivesite ya Pretoria, imene inatsegulidwa m'caka ca 1943, wophunzira amatha masiku ambiri m'cipatala ca Steve Biko alikuphunzira kumvetsera mtima. Cida cace ndico sitetosikopu, mpope wa m'makutu uja, umene René Laennec anayamba kupanga ku Paris m'caka ca 1816.

Asanamvetsere, dotolo amayamba wagwira mtsempha wa pamkono, nawerenga kugunda kwace. Mwa munthu wamkuru wopumula, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi. Atatero amaika dzanja kunsi kwa bele la kumanzere, pakati pa nthiti yacisanu ndi yacisanu ndi cimodzi, pamene igunda nsonga ya mtima. Akaipeza itasendera kukhwapa, amadziwa kuti mtima wakula.

Mtima uli ndi zipinda zinai, ndiponso zitseko zinai zoletsa mwazi kubwerera m'mbuyo. Zitsekozi zimatsekeka ziwiriziwiri, cifukwa cace dotolo amamva mau awiri: oyamba otsika ndi otalikirapo, aciwiri afupi ndi akuthwa. Citseko cikacepa, kapena cikaleka kutsekeka bwino, pamamveka mkokomo wonga wa mphepo yolowera pa mng'alu. Mkokomo wotere suli nthenda nthawi zonse, pakuti malungo, kucepa kwa mwazi, ngakhale pakati pa mai, zimaudzetsanso.

Koma mwa ana, coononga zitseko kawirikawiri ndico zironda za pakhosi zodza ndi kacirombo ka streptococcus. Zikapanda kucizidwa, patapita milungu iwiri kapena itatu mwana angathe kutentha thupi ndi kutupa mfundo, ndipo mtima ungathe kupwetekeka mwakacetecete.

Kukula kwa vutoli kunaoneka ku Soweto, kumwera kwa Pretoria, m'caka ca 1972. Madotolo a gulu la Profesa John Barlow anamvetsera m'zifuwa za ana 12,050, napeza kuti pafupifupi ana 7 mwa 1,000 alionse anali ndi zitseko zoonongeka. Ambiri a iwo sanadziwike kale kuti alikudwala.

Kotero kholo lanzeru silipeputsa zironda za pakhosi. Penisilini woperekedwa msanga amapha kaciromboko, ndipo mwana wopezeka kale ndi nthendayi amatetezeka ndi jekeseni wa mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Dotolo akanena kuti wamva mkokomo, mwanayo abwerere kucipatala pa tsiku loikika, angakhale alikusewera ngati anzace.