KAPAIPI KA M'MPHUNO SIKAPHA MUNTHU

Anzanga, kumudzi mukamva kuti "uje amuika paipi m'mphuno", mawu otsatira amakhala akuti "basi, kwake kwatha". Ena amakana kuti m'bale wawo aikidwe kapaipika, ena mpaka kumuthawitsa m'chipatala. Tiyeni tiimvetse nkhaniyi, poti tsiku lina ndife amene tidzadikirire odwala ku Thyolo kapena ku Gulupu.

Mu Biology tinaphunzira kuti pakhosi pali njira ziwiri: ya mpweya yopita kumapapo ndi ya chakudya yopita m'mimba. Khansa ikagwira lilime, m'kamwa kapena pakhosi, chotupa chimapanikiza njira ya chakudya. Munthu amayamba kulephera nsima, kenako phala, mapeto ake ngakhale madzi. Akakakamiza kumeza amatsamwa, ndipo chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo.

Chithandizo chakenso sichocheza. Pali opaleshoni, pali mankhwala a kemo, palinso radiotherapy, komwe makina amawotcha chotupa ndi cheza champhamvu. Pa khansa ya pakhosi, kuwotchaku kumachitika masiku 5 pa sabata kwa masabata 6 kapena 7. M'kamwa mumachita zilonda, malovu amauma, kumeza kumapweteka zedi. Koma nthawi imeneyi ndi imene thupi likufuna chakudya kwambiri kuti lipirire mankhwala. Wodwala akaonda kwambiri, madokotala amatha kuimitsa kaye chithandizo, khansa n'kupeza mpata.

Apa ndiye pamabwera kapaipi. Ndi kofewa, kopyapyala. Namwino amakalowetsa m'mphuno, n'kutsika kummero mpaka m'mimba, ndipo amayeza kaye ngati kafikadi m'mimbamo. Sikatseka mpweya ayi, wodwala amapuma bwinobwino. Amene adzafune thandizoli kwa miyezi yambiri amawaboola pang'ono pamimba n'kuika paipi pamenepo. Ambiri akayamba kumeza bwino, kapaipi kamachotsedwa.

Nanga bwanji anthu amati kamapha? Chifukwa ambiri timapita kuchipatala mochedwa, titayamba tazungulira kwa asing'anga. Pofika nthawi yoikidwa paipi matenda amakhala atakula kale. Munthu akamwalira, anthu amaloza paipi imene anaiona ndi maso, kuiwala chotupa chimene chinakhala miyezi chikukula.

Chakudya cha m'paipi si chachilendo. Ndi Likuni Phala lamadzimadzi losefedwa bwino, kapena mkaka wowiritsa, umene kwathu kuno ku Bvumbwe sitiusowa. Amathira ndi sirinji yaikulu pang'onopang'ono, chakudyacho chili chofunda, osati chotentha. Wodwala akhale tsonga podya komanso kwa mphindi 30 akatha. Mukamaliza, thirani madzi owiritsa ozizira kuti paipi isatsekeke. Ikatuluka, kapena wodwala akayamba kutsokomola ndi kubanika, siyani pompo muitane anamwino. Osaibwezeretsa nokha.

Kugonekedwa nako ndi mtolo wina. Matenda ngati awa chipatala cha boma cha Thyolo chimawatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko kulinso Tiyanjane, kiliniki yothandiza odwala matenda aakulu kuchepetsa ululu. Kale ofuna radiotherapy ankayenera kupita kunja, monga ku India kapena ku Tanzania, koma pano makinawa alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Wodwala akagonekedwa amafuna womudikirira wophika, kuchapa ndi kumudyetsa. Ngati wodikirirayo ndi mayi wothyola tiyi ku esiteti kapena wogulitsa masamba pamsika wa Bvumbwe, ndiye kuti ndalama pakhomo zaima, kudimba kulibe wothirira, ya minibasi ikufunika. Nthawi zambiri amene amasiya sukulu kuti alere ana kunyumba ndi mtsikana ngati ife tomwe. Mnzathu akajomba pa chifukwa chimenechi, tisamuseke. Timukopere manotsi, tikawauze aphunzitsi.

Chomaliza, tizikhala tcheru. Chilonda cha m'kamwa chosapola, mawu osasa, chotupa m'khosi kapena kuvutika kumeza zikapitirira masabata 3, muwauze agogo, amalume kapena aliyense apite kuchipatala msanga. Kusuta fodya, kuika fodya wopera m'kamwa ndi kumwa kachasu kumawonjezera chiopsezo, ndiye ife tisayambe n'komwe. Ndipo adokotala akati m'bale wanu aikidwe kapaipi, limbikitsani akuluakulu kuti avomere, chifukwa munthu wosadya sangalimbane ndi matenda.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2