Dayi wa m'bokosi: zomwe timauzana ndi zomwe tsitsi limachita

Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati ikafika, mabokosi a dayi sakhalitsa pa shelefu. M'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu mumapezeka Inecto, Bigen, Dark and Lovely, ndi timapaketi ta shampu wakuda tija abambo amagula mwakachetechete imvi zikayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu. Ambiri sapita nazo ku saluni. Amakadayira kunyumba, pakhonde kapena kuseri kwa bafa, mnzawo atagwira burashi, malangizo akuchokera kwa aliyense wodutsa. Ena mwa malangizowo ndi abwino ndithu. Ena ndi amene amathothola tsitsi ndi kutupitsa nkhope.

Chikhulupiriro chimene chimaliza ndalama za anthu ambiri n'chakuti mtundu uli pa chithunzi cha bokosi ndi umene utuluke pamutu. Dayi wokhalitsa sapaka mtundu pamwamba pa tsitsi, amagwira ntchito m'kati mwake. Mu bokosi mumakhala chubu cha dayi ndi botolo la developer, yemwe ndi hydrogen peroxide. Mukasakaniza, amoniya wa mu dayi amatukula timamba tokuta tsitsi, peroxide n'kulowa kukafufutako melanini, yemwe ndi mtundu wachibadwa. Timankhwala ta dayi timalowa tili tating'ono kwambiri, kenaka timagwirana m'katimo mpaka kukula moti sitingatulukenso. Chimene mumaona pa galasi pamapeto pake ndi dayi wosakanikirana ndi melanini wanu wotsala.

Tsono tsitsi lathu lili ndi melanini wochuluka. Opanga dayi amawerenga kuwala kwa tsitsi kuyambira pa 1, lomwe ndi lakuda bii, mpaka pa 10, loyera mbee. Ambirife tili pa 1 kapena pa 2. Developer wa m'mabokosi ambiri, uja amalembapo 20 vol, mphamvu yake ndi maperesenti 6, ndipo amakweza tsitsi ndi sitepe imodzi kapena ziwiri basi. Mayi wa tsitsi la golide amene akumwetulira pa bokosi ali pa 8 kapena pa 9. Inu mukachoka pa 2 mufika pa 4, ndiye kuti bulawuni wofiirira, ndipo mudzabwerera kwa wogulitsa muli "munandigulitsa wa feki". Dayi wachinyengo alipo, sitikukana, koma nthawi zambiri dayiyo wachita zonse zomwe akadatha. Nsalu yakuda simungaiviike mu utoto wachikasu n'kuitulutsa yachikasu. Wofuna mtundu wowala ayenera kuyamba wabulitcha, ndipo tsitsi lakuda likamabulitchidwa limadzera pofiira, kenaka pa olenji, kenaka pa chikasu. Ambiri odayira kunyumba amathera pa olenji. Choncho pogula, siyani nkhope ya pa bokosi, yang'anani timizere ta kumbali kapena kumbuyo tosonyeza mtundu woyambira ndi mtundu wotuluka.

Pali chinanso chimene ochepa amachidziwa: dayi sachotsa dayi mnzake. Munthu amene wakhala akupaka wakuda kwa zaka, lero n'kufuna bulawuni wa pa ukwati wa mchemwali wake, adzapeza kuti kumizu kokha, kumene kuli tsitsi latsopano, ndi kumene kwafiira. Kwina konse kwakuda monga kale. Wakuda ndi wosavuta kulowamo, koma kutulukamo kwake n'kudikira tsitsi likule, kumeta, kapena kulipira katswiri.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi mawu akuti munthu wakuda dayi wake ndi wakuda basi. Amayi ogula mesh akudziwa kale zimenezi, kungoti saziganizira pogula dayi. Pofuna mesh yofanana ndi tsitsi lawo, ambiri amatchula 1B kapena 2, osati 1, chifukwa 1 imaonekeratu kuti ndi yogula. Tsitsi lachibadwa silikhala lakuda mofanana paliponse, ndipo padzuwa limaonetsa kabulawuni. Bambo wa zaka 60 amene wapaka wakuda bii, mzere wa dayi utadinda pamphumi, amaoneka kuti wadaya munthu akadali patali, ndipo makwinya ndiye amaonekera bwino. Bulawuni woderatu amabisa imvi chimodzimodzi koma salengeza. Amene akukayika pakati pa mitundu iwiri atenge wowalirapo, poti kudetsa mawa n'kotheka.

Nanga zoti mitundu yofiirira ndi ya golide imakhala anthu oyera khungu okha? Izi ndi zokonda za maso a anthu, si lamulo la chilengedwe. Mtundu wa vinyo uja pa mesh amati 99J, kapena wa kopa wa 30, umawala bwino kwambiri pa khungu lakuda. Njira yotsika mtengo yodziwira ndi kutenga kachingwe ka mesh kapena wigi ya mnzanu, kuika pafupi ndi nkhope, n'kudziyang'ana panja masana, osati pansi pa babu. Manambala a mesh ndi a dayi safanana, choncho tengerani mtundu, osati nambala. Chimene chiyenera kukuletsani si khungu, koma mphamvu ya tsitsi lanu ndi ya m'thumba: mitundu yofiira imasuluka msanga kuposa ina yonse, ndipo dzuwa la mu Okutobala silichitira chisoni. Agogo akakuonani ndi tsitsi lofiira n'kufunsa ngati mukudya mokwanira, musawaseke. Tsitsi lofiira, lopyapyala ndi chizindikiro chenicheni cha kunyentchera kwa ana, ndipo iwo adaliona ndi maso m'zaka za njala.

Za imvi ndiye zilipo zambiri. Akuti dayi amachulukitsa imvi, akuti ukazula imodzi zimamera khumi. Zonsezi si zoona. Mtundu wa tsitsi umapangidwa pansi pa khungu, m'kadzenje momwe tsitsi limamera, ndi maselo opanga melanini. Maselowo akatopa, tsitsi limatuluka loyera, ndipo nthawi yake imatsata kwambiri ku mtundu kwanu. Dayi amasintha tsitsi lomwe latuluka kale. Kuzula tsitsi limodzi sikukhudza timaenje toyandikana nalo. Pamene mwazulapo padzamera loyera lomwelo, kapena mukapitiriza kuzula sipadzameranso kanthu. Chimene chimachitika n'chakuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo mzere woyera ukatulukira pansi pa tsitsi lakuda bii umaoneka kwambiri kuposa pamene imvi zinali zomwazikana. Komanso munthu amayamba kudaya imvi zitayamba kale kubwera, ndipo sizileka kubwera chifukwa choti zaphimbidwa. Mzerewo ukaoneka, pakani pa tsitsi latsopanolo pokha. Kubwereza mutu wonse mwezi uliwonse n'kumene kumaumitsa nsonga mpaka kumaduka pa chipeso.

"Usiye akhalitse kuti agwire." "Ukamva kuwotcha ndiye kuti akugwira ntchito." Mawu awiriwa amayendera limodzi ndipo onse ndi olakwika. Nthawi yolembedwa pa pepala la m'bokosi, kaya ndi mphindi 30 kaya 45, ndi nthawi imene mankhwala amamaliza ntchito yake. Kupitirira apo mumangozunza khungu. Kunyerenyetsa pang'ono kumachitika, koma kuwotcha ndi chizindikiro choti mutsuke pompo. Chothandiza n'kusatsuka kapena kukanda m'mutu tsiku lomwelo, poti mafuta achibadwa amatchinjiriza khungu, kupaka vaselini m'mphepete mwa tsitsi ndi m'makutu, kuvala magolovesi, ndi kusakanizira m'mbale yapulasitiki, osati yachitsulo. Dayi wosakaniza kale sasungika. Pofika mawa mphamvu yatha, ndipo mukamutsekera m'botolo akhoza kuliphulitsa. Jik ndi wochapira zovala, asayandikire kumutu.

Amayi owongola tsitsi ndi relaxer ali ndi vuto lawo. Pofuna kupulumutsa nthawi, ena amawongola m'mawa n'kudaya masana. Relaxer amawongola tsitsi pothyola mfundo zomwe zimalimanga m'kati, ndipo peroxide akabwera pamwamba pa tsitsi lofooka kale, limatsala m'beseni. Pakati pa ziwirizi pafunika milungu iwiri, relaxer akhale woyamba. Bulitchi pa tsitsi la relaxer musayese kunyumba. Chimodzimodzi amene wangomasula zoluka: khungu limakhala ndi timabala tosaoneka, ayambe wapumitsa mutu masiku angapo. Ndipo tsitsi lija limatsala pa chipeso, limene ena amaliwotcha kapena kulikwirira poopa anthu oipa, lili ndi ntchito yabwino: lipakeni dayi kaye muone mtundu ndi mphamvu yake mutu wonse usanalowemo.

Chikhulupiriro choopsa kuposa zonse ndi ichi: "Ine ndakhala ndikupaka yemweyu zaka zambiri, sandivuta." Mu dayi wokhalitsa wambiri muli mankhwala otchedwa PPD, ndipo dayi akaderapo, PPD amachulukanso. Thupi silimukana pa tsiku loyamba. Limayamba lamuzolowera, kumuzindikira, kenaka tsiku lina limamuukira, mwina pa ulendo wachiwiri, mwina patapita zaka khumi. Likangoyamba kumukana silibwereranso. Zizindikiro zake sizifulumira: mumadaya Lachisanu madzulo muli bwinobwino, Loweruka m'makutu ndi m'khosi mwayamba kuyabwa, Lamulungu zikope zatupa, matuza akuchucha madzi. Poti papita tsiku kapena awiri, ena amanamizira chakudya cha pa ukwati, ena amaloza anthu. Ichi n'chifukwa chake pepala la m'bokosi limanena kuti muyese kadontho kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono n'kudikira maola 48, ndipo limati nthawi iliyonse, osati ulendo woyamba wokha. Malamulo a mayiko a European Union salola PPD kupitirira maperesenti 2 mu dayi wosakaniza, ndipo amalamula kuti pa bokosi palembedwe kuti si wa ana osakwana zaka 16. Kapaketi kopanda mndandanda wa zomwe zili m'kati, kopanda tsiku lothera mphamvu, simungadziwe kuti muli zochuluka bwanji. Safunsa adadya phula.

Mawu akuti mulibe amoniya, kapena chithunzi cha masamba ndi zitsamba pa paketi, sizitanthauza kuti mulibe PPD. Amoniya akachotsedwa pamalowa mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo, kungoti sanunkha. Tembenuzani paketi, fufuzani mawu akuti phenylenediamine kapena toluene diamine. Shampu wakuda wa mphindi zochepa uja nayenso ndi dayi, ngakhale amapakidwa ndi manja ngati sopo. Henna weniweni, wochokera ku masamba a mtengo wa Lawsonia inermis, amapereka mtundu umodzi wokha, wofiira ngati olenji, womwe mumauona pa ndevu za akuluakulu ena achisilamu. Amatenga maola kuti agwire. Henna amene akudetsa bii m'mphindi zochepa ndiye kuti amuthira zina, kawirikawiri PPD wambiri, ndipo zojambula zakuda za pamanja zopangidwa ndi henna wotere ndi njira imodzi imene anthu amayambira kukana dayi moyo wawo wonse. Ngakhale henna weniweniyo si wa makanda: kwa ana obadwa ndi vuto la magazi lotchedwa G6PD deficiency, lomwe n'lofala mu Africa, akhoza kuphwanya maselo ofiira a magazi.

Dayi wotsala m'mbale musamalizire pa nsidze. Mu 1933 ku America, dayi wa nsidze wotchedwa Lash Lure, yemwe munali PPD, adavulaza maso a amayi angapo, ena mpaka kuchita khungu, ndipo nkhaniyi idathandiza kuti mu 1938 dzikolo likhazikitse lamulo loyang'anira zodzola. Bokosi lenilenilo likhale patali ndi ana, poti dayi akamezedwa amapha.

Pa nkhani ya khansa, wonena kuti dayi amayambitsa khansa ndithu akuwonjeza, wonena kuti palibe nkhawa iliyonse akuchepetsa. Kafukufuku wa bungwe la National Institutes of Health ku America, wotuluka mu 2019, adatsata amayi oposa 46,000 omwe aliyense anali ndi mchemwali wodwalapo khansa ya m'mawere, ndipo adapeza kuti chiopsezo chinali chokwererapo mwa opaka dayi wokhalitsa, makamaka amayi akuda odaya pafupipafupi. Wina wa mu 2020, wotsata anamwino oposa 117,000, sadapeze mgwirizano pakati pa dayi ndi mitundu yambiri ya khansa. Nzeru yake ndi kutalikitsa nthawi pakati pa kudaya, ndipo ogwira ntchito mu saluni, omwe amagwira mankhwalawa tsiku ndi tsiku, asamachite manyazi ndi magolovesi. Kwa amayi oyembekezera, a zaumoyo ku Britain amati mankhwala olowa m'thupi ndi ochepa kwambiri, ngakhale ambiri amasankha kudikira milungu 12 yoyamba ithe.

Mukadaya n'kuona nkhope, milomo kapena zikope zikutupa, kapena mpweya ukuvuta, tsukani ndi madzi ambiri ndipo thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Musaiwale kutenga bokosi la dayiyo kuti adokotala akaone zomwe zili m'kati.