Kufufuza za ma sensor: ntchito ya PhD yomwe amakulipira

Mukatembenuza foni, vidiyo nayo imatembenuka. Si matsenga ayi. M'foni muli kachipangizo kotchedwa accelerometer, kamene kamamva kugwedezeka ndi kupendekeka. Tizipangizo tomva zinthu chonchi timatchedwa ma sensor: tina timamva kutentha, tina kuwala, tina chinyezi cha m'nthaka.

Koma sensor payokha imangotulutsa manambala, ena olakwika. Pamafunika algorithm, ndondomeko ya masamu imene kompyuta imatsata posefa manambalawo, ngati mmene amayi amapetera mphale kuti gaga achoke. Chitsanzo ndi ichi: mu 2020 Google inayamba kugwiritsa ntchito ma accelerometer a m'mafoni a Android pozindikira zivomerezi. Koma foni imagwedezekanso galimoto yaikulu ikadutsa pafupi. Algorithm ndiyo imasiyanitsa, poona ngati mafoni ambiri m'dera limodzi agwedezeka nthawi imodzi.

Mayunivesite amalemba anthu ntchito yofufuza zinthu ngati zimenezi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna achinyamata anzanga mutchere khutu. Ku Netherlands, malo ambiri a PhD amalengezedwa ngati ntchito ina iliyonse. Umasaina kontirakiti ya zaka 4 n'kumalandira malipiro mwezi ndi mwezi, osati kuthamanga uku ndi uku kusaka fizi. Ku Sweden ndi Norway nakonso ambiri ochita PhD amakhala olembedwa ntchito. Mayunivesite monga TU Delft ndi Twente amalengeza malowa pa AcademicTransfer, ndipo a mayiko ena a ku Ulaya mungawapeze pa EURAXESS. Pafoni pomwepo, ndi bandulo yanu yomweyo.

Amafuna ndani? Nthawi zambiri munthu wa masters mu electrical engineering, physics, masamu kapena computer science, wodziwa kulemba mapulogalamu mu Python kapena MATLAB, komanso wolemba Chingerezi chomveka. Malo olembedwa kuti postdoc ndi a amene anamaliza kale PhD, musataye nawo nthawi.

Ndisakunamizeni: digiri yoyamba ya ku MUBAS, MUST kapena UNIMA payokha siyokwanira, ndipo mupikisana ndi anthu a mayiko ambiri. Masters ndiyo khomo. Koma mukuyembekezera, pangani kanthu kooneka. Pezani Arduino ndi sensor yoyeza chinyezi, muiike m'dimba, musonkhanitse manambala kwa mwezi, ndipo pulogalamu yanu muiike pa GitHub. Pulofesa wowerenga makalata ambirimbiri amakumbukira amene wagwirako waya.

Musaganize kuti kafukufukuyu ndi wa azungu okha. Nick van de Giesen wa ku TU Delft ndi John Selker wa ku Oregon State University anayambitsa TAHMO, imene cholinga chake ndi kuika masiteshoni 20,000 oyeza nyengo mu Africa muno. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita kummwera kwa Malawi mu 2023 tikudziwa kufunika kwa chenjezo lofika nthawi yabwino. Amene anakulira m'mbali mwa Shire amadziwa zinthu zimene labu ya ku Delft singamuphunzitse munthu, ndipo zimenezo muzilembe m'kalata yanu yofunsira ntchito.

Chomaliza, funsirani kudzera pa webusaiti ya yunivesite yeniyeniyo. Wina akakupezani pa WhatsApp n'kunena kuti mutumize kangachepe kuti akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba. Mubulokeni basi.