Malikisi Okha Saulula Ubwino wa Sukulu

Ife amene ntchito yathu ndi kusanthula zotsatira za mayeso tatopa ndi bodza lakuti ana akamalephera ndiye kuti aphunzitsi awo ndi aulesi. Ku America mlandu umenewu umagwera kwambiri sukulu zotchedwa middle school, za ana a zaka 11 mpaka 14, makamaka za m'madera osauka a m'mizinda ikuluikulu. Komatu lipoti la James Coleman la mu 1966 linasonyeza kale kuti malikisi a mwana amatsatira kwambiri moyo wa kwawo kuposa zipangizo za pasukulu. Mwana wofika m'giredi 6 akudodomabe powerenga wabwera ndi ngongole ya zaka zambiri, ndipo sukulu yomulandirayo si imene inakongola.

N'chifukwa chake ine ndimakakamira muyezo umene timautcha growth, kutanthauza zimene mwana waonjezera kuyambira pamene analowa mpaka pamene akutuluka. Mu 2017, Sean Reardon wa ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti ana a m'sukulu za boma ku Chicago, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja osauka, anali m'mbuyo ali m'giredi 3, koma pofika m'giredi 8 anali ataphunzira za zaka pafupifupi 6 m'zaka 5 zokha. Woyang'ana malikisi okha sakanaona khama limenelo. Ena amati kutchula umphawi n'kubisa aphunzitsi aulesi. Ayi ndithu, muyezowu ndi umene umawaulula, pakuti sukulu ya ana olemera imene sikuwaonjezera kanthu nayonso imaonekera poyera. Enanso amati kuopseza sukulu kumakweza maphunziro. Lamulo la No Child Left Behind, lomwe linasainidwa mu 2002, linayesa njira imeneyo, ndipo ku Atlanta mantha anafika poti mayankho a ana ankafufutidwa n'kukonzedwa. Mu 2015 khoti linapeza aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu 11 olakwa.

Kwathu kuno timachitanso chimodzimodzi zotsatira za MSCE zikatuluka: timanyoza ma CDSS n'kutamanda sukulu zimene zinapatsidwa ana okhoza kale kwambiri pa mayeso a Sitandade 8. Makolo, musanasamutse mwana, funsani kuti ana amalowa akudziwa zotani ndipo amatuluka akudziwa zotani, aphunzitsi amakhalitsa bwanji, ndiponso ana amene amajomba amalondoledwa kapena ayi. Muyezo wa growth nawo umagwedezeka chaka ndi chaka, choncho onani zotsatira za zaka zingapo musanagamule.