Ola Lotayika pa Malire a Nakonde

Makolo athu anali kupangana nthawi poloza dzuwa. Munthu akati "tikumane dzuwa liri paliwombo," mnzace anali kumva, pakuti onse awiri anali kuyang'ana dzuwa limodzi pamudzi umodzi. Masiku ano alimi ndi amalonda ambiri asunga mapangano ao mu kalendala ya m'lamya ya m'manja, ndipo ena a iwo ayenda maulendo atali kukagula katundu ku msika wa Kariakoo kapena kukatenga galimoto pa doko la Dar es Salaam. Pa maulendo otere lamya ikhoza kusokeretsa mwini wace ndi ola lathunthu, ngakhale iri yosaonongeka konse.

Gwero la nkhaniyi ndi kuzungulira kwa dziko lapansi. Dziko lizungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiko kuti madigiri 15 pa ola limodzi, cotero akum'mawa aona dzuwa msanga kuposa akumadzulo. Ngakhale muno m'Zambia, dzuwa lifika paliwombo ku Chipata mphindi zoposa 35 lisanafike paliwombo ku Mongu, koma dziko lonse litsata nthawi imodzi kuti nchito za boma, masukulu ndi mawailesi ziyendere pamodzi. M'caka ca 1884 nthumwi za maiko 25 zinakumana ku Washington ndipo zinasankha mzere wopyola pa Greenwich, ku London, kukhala poyambira muyeso. Nthawi ya Zambia iri patsogolo pa nthawi ya Greenwich ndi maola awiri.

Anansi athu ambiri ali pa nthawi yofanana ndi yathu. Wowoloka pa Mwami kupita ku Malawi, pa Chanida kupita ku Mozambique, pa Chirundu kupita ku Zimbabwe, kapena pa Kasumbalesa kupita ku Lubumbashi safunika kugwira wochi yace. Koma pa Nakonde zinthu zisiyana. Tanzania iri patsogolo ndi ola limodzi: ikakwana 10 koloko ku Nakonde, tsidya lina ku Tunduma yakwana kale 11 koloko. Apaulendo a pa njanji ya TAZARA, imene inamangidwa kuyambira 1970 kufikira 1975 ndipo italika makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi, anaphunzira kalekale kusuntha wochi pa malire amenewa. Kumadzulo nkhani itembenuka: Angola ndi mzinda wa Kinshasa ziri m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi.

Wochi ya pamkono isintha pokha-pokha mwini wace akaisintha. Lamya siitero. Ikagwira netiweki ya dziko lina, kawiri-kawiri itenga yokha nthawi ya dzikolo. Ndipo kalendala monga Google Calendar siisunga cabe nambala imene munthu walemba. Itembenuza pangano liri lonse kukhala nthawi ya muyeso wa dziko lonse lapansi, ndi kulionetsa monga mwa nthawi ya kumene lamya iri.

Citsanzo ndi ici. Wamalonda ali kwao ku Katete, ndipo wothandiza kuombola katundu pa doko amuuza kuti akumane Lacitatu pa 10 koloko m'mawa ku Dar es Salaam. Iye alemba 10 koloko mu kalendala. Lamya, pokhala iri ku Katete, iyesa kuti ndi 10 koloko ya Zambia. Akawoloka malire, pangano lija lioneka pa 11 koloko, ndipo wamalonda wokhulupirira lamya yace afika atacedwa ndi ola. Kucedwa kotere kungamtayitse malo pa mzere, kumgoneka usiku wina pa nyumba ya alendo, ndi kumuonjezera ndalama zolipira posungira katundu. Pobwerera colakwa cikhala ca mtundu wina: pangano la ku Lusaka la 14 koloko lolembedwa munthu ali ku Tanzania lidzaoneka pa 13 koloko akafika kwao.

Mankhwala ace si obvuta. Polemba pangano la kudziko lina, kalendala ipatsa mpata wosankha nthawi ya dera, pa mau akuti "Time zone." Wapaulendo asankhe mzinda kumene msonkhano udzacitikira. Akatero, ali ku Katete pangano lija lidzaoneka pa 9 koloko, ndipo asadabwe nazo, pakuti ndiyo 10 koloko ya ku Dar es Salaam. Ndi canzeru kulembanso nthawi m'mau pa mutu wa panganolo, monga "10 koloko ya Tanzania," popeza mau olembedwa lamya siingawasunthe. Pa wochi ya m'lamya munthu akhozanso kuika mizinda iwiri, Lusaka ndi kumene apita, kuti aone nthawi zonse ziwiri pamodzi.

Ogona pa Nakonde ayenera kusamala koposa. Lamya yololedwa kugwira nchito kunja ikhoza kugwira netiweki ya ku Tanzania mwini wace akali m'Zambia, ndipo belu loutsa munthu litsata nthawi imene lamya ionetsa. Ofuna kukwera basi ya m'mamawa angacite bwino kutseka kusintha nthawi kwa lamya yokha, kusankha nthawi ndi manja, ndi kufunsa ogulitsa matikiti ngati nthawi yonyamukira ndi ya mbali iti ya malire.

Palinso msampha wina umene lamya siingaudziwe. M'Ciswahili maola awerengedwa kuyambira pa kutuluka kwa dzuwa. "Saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa, "saa nne" ndi 10 koloko, ndipo "saa sita mchana" ndi 12 koloko masana. Mlendo womva "nne" nalemba 4 koloko waphonya ndi maola 6. Akulu anati safunsa anadya phula.

Okwera ndeke akumbukire kuti tikiti ionetsa nthawi ya pa bwalo liri lonse: yonyamukira ndi ya kumene ndeke icokera, yofikira ndi ya kumene itera. Dubai iri patsogolo pa Zambia ndi maola awiri, India ndi maola atatu ndi theka, China ndi maola 6. Ku Britain mawochi asunthidwa kawiri pa caka, pa Sondo yomaliza ya March ndi pa Sondo yomaliza ya October. Cifukwa cace 12 koloko masana ku Lusaka ndi 11 koloko ku London m'mwezi wa June, koma ndi 10 koloko m'mwezi wa December. Makolo olankhula ndi ana ao a ku Britain sabata ndi sabata adzaona nthawi yao ikusuntha ndi ola kawiri pa caka.

Akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku pa nthawi yoikika afunse anamwino ku cipatala asananyamuke ulendo wa kutali, kuti awauze mowerengera maola. Ndipo wapaulendo ali yense, akangowoloka malire, ayerekeze nthawi ya lamya yace ndi wochi ya pa ofesi ya malire asanakhulupirire kalendala.