Lamya ya Kaunjika ku Pretoria: Kutchipa Kwake ndi Misampha Yake

M'masiku a Wenela ndi TEBA, mwamuna akapita ku Joni, banja lake linkadikira kalata milungu ingapo, ndipo uthenga wonena kuti mvula yagwa kapena kuti nkhokwe yatha unkamfika nthawi itapita kale. Masiku ano Amalawi ambiri akukhala ku Pretoria, mzinda umene kuyambira mu 2000 uli pansi pa khonsolo ya Tshwane. Ena amasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Centurion, ena amalima ndiwo zamasamba m'mafamu ozungulira mzindawu, ndipo ena ali pa ntchito ya zomangamanga. Kwa onsewa, lamya ya m'manja yalowa m'malo mwa kalata, positi ofesi ndi banki. Bwana amaitanira ganyu pa lamyayo, ndipo ndalama za mbeu ndi feteleza zimafika kumudzi kudzera pa lamya yomweyo.

Ambiri mwa anthuwa sangakwanitse kugula lamya yatsopano yapamwamba. Sangaloledwenso kulowa pangano lolipira mwezi ndi mwezi, chifukwa makampani amafuna umboni wa malipiro ndi akaunti ya ku banki. Motero njira imene yatsala ndiyo kugula lamya ya kaunjika, yokonzedwa kapena yosinthidwa m'kati, ndi kuikamo simu khadi yolipiriratu. Njirayi ndi yanzeru, koma phindu lake limaoneka pokhapokha zinthu zinayi zitayenda bwino: kumene lamyayo yachokera, zimene zasinthidwa m'kati mwake, dzina limene nambala yalembedwa, ndi kagulidwe ka data. Chimodzi mwa izi chikalakwika, ndalama imene munthu anapulumutsa pogula imatha, nthawi zina pamodzi ndi ntchito yake.

Kumene lamya yachokera

Malamya a kaunjika amapezeka mochuluka ku Marabastad, kumadzulo kwa pakati pa mzinda, m'timasitolo ta ku Sunnyside, m'mphepete mwa misewu ya ku Mamelodi ndi Soshanguve, ndiponso pa Facebook. Ena ndi abwino, eni ake anangowatopa nawo. Ena ndi obedwa. Mlimi amene anagulapo chimanga chopaka utoto m'thumba lokongola, poyesa kuti ndi mbeu yovomerezeka, amadziwa kuti maonekedwe a kunja sauza munthu za m'kati.

Lamya iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Imaoneka munthu akaimba *#06#, ndipo lamya yolowa masimu awiri imakhala ndi manambala otere awiri. Ku South Africa, mwini lamya yobedwa akakanena ku kampani yake, nambalayi imaikidwa pa mndandanda wa malamya otsekedwa, ndipo makampani amagawana mndandandawo. Lamya yotere imayaka bwino, imajambula zithunzi, imalowa pa intaneti kudzera pa Wi-Fi, koma imakana kuimba ndi simu ya kampani iliyonse ya m'dzikomo. Chifukwa cha ichi, wogulitsa akaonetsa kuti WhatsApp ikugwira ntchito pa Wi-Fi ya m'sitolo mwake, sanatsimikize kanthu. Wogula ayenera kuikamo simu yake, kuimbira mnzake, ndi kulandiranso foni asanapereke ndalama, monga momwe mlimi amayesera kameredwe ka mbeu asanaifese m'munda wonse.

Palinso lamulo loteteza wogula. Second-Hand Goods Act ya 2009, imene inayamba kugwira ntchito mu 2012, imalamula ochita malonda a katundu wa kaunjika kulembetsa ku polisi ndi kusunga kaundula wa katundu amene agula ndi wa anthu amene awagulitsa. Wogula apemphe risiti yolembedwa dzina la sitolo, tsiku ndi nambala ya IMEI. Risitiyi ndi yofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, lamya ikhoza kutsekedwa patapita milungu chigulireni, mwini wake weniweni atakanena mochedwa. Chachiwiri, munthu wopezeka ndi katundu wokayikitsa kuti ndi wobedwa, nalephera kufotokoza mmene anampezera, amazengedwa mlandu, ndipo kwa mlendo mlandu wotere umalemera koposa.

Zimene zasinthidwa m'kati

Mawu oti lamya yasinthidwa amatanthauza zinthu zosiyanasiyana, ndipo kuopsa kwake sikufanana.

Kusintha kosavuta ndiko kuika galasi kapena batire latsopano. Palibe choipa pamenepa ngati zipangizozo ndi zabwino. Wogula akhudze galasi m'makona onse kuti aone ngati likumva chala, ayese kamera, sipika ndi polowera tchaja. Batire lotupa, limene limakankha chivundikiro cha kumbuyo, likhoza kuyaka moto, ndipo lamya yotere ndi yosayenera kuigula ngakhale itatchipa chotani.

Kusintha kwachiwiri ndiko kumasula lamya yomangidwa pa kampani imodzi. Malamya ena otsika mtengo amagulitsidwa atamangidwa kuti azilandira simu ya kampani imodzi yokha. Lamya yotere ikafika ku Malawi, imakana simu ya Airtel kapena TNM. Amene akugulira makolo kumudzi ayese masimu a makampani awiri asanachoke pasitolo.

Kusintha kwachitatu ndi kumene amisiri amati kuflasha, ndiko kufufuta pulogalamu yoyendetsa lamya ndi kuikamo ina. Nthawi zina izi zimachitika pa zifukwa zabwino. Makampani opanga malamya amasiya kutumiza zokonza zachitetezo pakapita zaka zingapo, ndipo pulogalamu yaulere ya LineageOS, imene inayamba mu 2016 polowa m'malo mwa CyanogenMod, imapatsa lamya yakale Android yatsopano ndi kuchotsa mapulogalamu osafunika odya data. Komabe ntchitoyi ili ngati kumezanitsa mitengo ya zipatso: tsinde ndi nthambi zikapanda kugwirizana, mtengo umaphuka masamba koma subala. Mapulogalamu ambiri a banki amakana kutseguka pa lamya imene chitetezo chake chamasulidwa, ndipo pa malamya ena luso loimba kudzera pa 4G, lotchedwa VoLTE, limatayika.

Nthawi zina kuflasha kumachitika pofuna kubisa umbava. Kuyambira mu 2015, lamya ya Android ikafufutidwa mokakamiza imafunsa akaunti ya Google ya mwini wake, ndipo iPhone imafunsa akaunti ya iCloud. Wogulitsa woona mtima amachotsa akaunti yake pamaso pa wogula. Amene akunena kuti aiwala mawu achinsinsi koma mmisiri adzalambalala, akugulitsa mavuto. Kusintha nambala ya IMEI nakonso ndi mlandu.

Kusintha kwachinayi ndiko kuika mapulogalamu otengera, monga GB WhatsApp, amene achinyamata amawakonda chifukwa cha zokometsera zake. Eni WhatsApp amatseka maakaunti ogwiritsa ntchito mapulogalamu otere, ndipo palibe amene angatsimikize kumene mauthenga ndi zithunzi zimapita. Wosamalira maluwa amene mabwana ake asanu amamupeza pa WhatsApp, akatsekeredwa akauntiyo, wataya maganyu a mlungu wonse.

Msinkhu wa lamya

Lamya yakale kwambiri ndi yotchipa chifukwa masiku ake atsala ochepa. Mu October 2023, WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa malamya a Android yakale kuposa 5.0, ndipo malire amenewa amakwezedwa nthawi ndi nthawi. Mu 2024 boma la South Africa linafalitsa ndondomeko yofuna kuti manetiweki a 2G ndi 3G azimitsidwe pofika kumapeto kwa 2027, kuti malo ake apatsidwe kwa 4G ndi 5G. Kaya tsikulo lisuntha kaya ayi, kumene zinthu zikulowera n'kodziwika. Lamya yopanda 4G, kapena imene yataya VoLTE pa kuflasha, idzakhala chete manetiweki akalewo akadzazimitsidwa.

Wogula ayerekezenso mtengo wa kaunjika ndi wa lamya yatsopano yotsika. Kuyambira pa 1 April 2025, boma linachotsa msonkho wa 9 peresenti pa malamya amakono a mtengo wosapitirira R2,500. Lamya yatsopano yotere ikhoza kukhala ndi kamera yofooka poyerekeza ndi lamya yapamwamba yakale, koma imabwera ndi batire latsopano, chiyambi chodziwika, ndi lonjezo la sitolo loikonza ikaonongeka.

Nambala iposa lamya

Lamya ikatayika, ina imagulidwa. Chovuta kubweza ndi nambala. Lamulo lotchedwa RICA linayamba kukakamiza kulembetsa simu mu July 2009, ndipo masimu amene anali asanalembetsedwe pofika kumapeto kwa June 2011 anadulidwa. Polembetsa pamafunika chiphaso, monga pasipoti kwa mlendo, ndi umboni wa kumene munthu akukhala. Kaamba ka kuvuta kwa mapepalawa, ambiri amagula m'misewu masimu olembetsedwa kale m'dzina la munthu wosadziwika.

Simu yotere imagwira ntchito bwino mpaka tsiku limene lamya yabedwa. Pamenepo mwini wake akapita kukapempha kuti nambala yake isamutsidwire pa simu yatsopano, amavutika kutsimikiza kuti nambalayo ndi yake. Komatu pa nambala imeneyo ndi pamene pamafika manambala achinsinsi a ku banki ndi a makampani otumiza ndalama monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa. Ndi pomwenso pali WhatsApp, ndipo ndi nambala imene mabwana ndi abale kumudzi anaisunga. Safunsa anadya phula: amene ali ndi pasipoti alembetse simu m'dzina lake, ngakhale zitamudyera tsiku lathunthu.

Pali mfundo zina ziwiri zothandiza. Simu yolipiriratu ikakhala miyezi ingapo osagwiritsidwa ntchito, kampani imaitseka ndi kupereka nambalayo kwa munthu wina. Amene akupita kumudzi kukakhala nyengo yonse ya dzinja aganizire zimenezi asananyamuke. Komanso kuyambira mu 2006, munthu akhoza kuchoka ku Vodacom kupita ku MTN, Cell C kapena Telkom osasintha nambala. Palibe chifukwa chotayira nambala yakale pofuna mitengo yotsika.

Kagulidwe ka data

Kudula kwa data ndi nkhani imene yavuta ku South Africa kwa zaka zambiri. Mu 2016 anthu anachita kampeni ya #DataMustFall. Chaka chotsatira bungwe la Competition Commission linayamba kafukufuku, ndipo lipoti lake la mu December 2019 linapeza kuti osauka, amene amagula timabandulo ting'onoting'ono, ndiwo ankalipira zambiri pa megabaiti iliyonse kuposa olemera. Mu April 2020 Vodacom inatsitsa bandulo ya 1GB ya mwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99, ndipo MTN inachitanso chimodzimodzi.

Msampha waukulu unali kugwiritsa ntchito intaneti bandulo itatha. Panali nthawi imene makampani ankadula R2 pa megabaiti imodzi kuchokera ku mayunitsi, kutanthauza kuti 1GB imene pa bandulo inali R149 ikanatha ndalama zoposa R2,000. Malamulo a bungwe la ICASA amene anayamba mu March 2019 analetsa makampani kudya mayunitsi mwa njira imeneyi popanda chilolezo cha mwini. Analamulanso kuti munthu azichenjezedwa akagwiritsa ntchito 50, 80 ndi 100 peresenti ya bandulo yake, ndiponso kuti pakhale njira yosungira data yotsala kapena kuipatsa mnzake wa kampani yomweyo.

Zotsalazo zili m'manja mwa mwini lamya. Azimitse kutsitsa zithunzi ndi makanema kodzichitikira kokha pa WhatsApp, makamaka m'magulu a mpingo ndi a kumudzi momwe makanema amachuluka. Alamule kuti mapulogalamu azikonzedwanso pa Wi-Fi pokha. Asankhe mapulogalamu opepuka monga Facebook Lite. Adziwe kuti uthenga wa mawu umadya data yochepa kwambiri poyerekeza ndi kuimba koonana nkhope. Mabandulo a usiku ndi a WhatsApp yokha ndi otchipa, koma aliyense ali ndi malire ake a nthawi, ndipo bandulo yotchipa imene yatha nthawi isanagwiritsidwe ntchito ndi ndalama yotayika.

Pretoria ili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Mu November 2013 khonsolo ya Tshwane, mogwirizana ndi bungwe la Project Isizwe, inayamba kupereka Wi-Fi yaulere pafupi ndi masukulu ndi m'malo ena a anthu onse, poyamba 250MB patsiku, kenaka 500MB. Kumene Wi-Fi yotere ikupezeka, ndi yabwino potsitsa zinthu zikuluzikulu. Za banki ndi zotumiza ndalama ndi bwino kuzichita pa data ya munthu mwini.

Lamya ikafika kumudzi

Malamya ena a ku Marabastad amathera ku Mzimba, Nkhata Bay, Mangochi ndi Machinga, atanyamulidwa pa basi nyengo ya Khirisimasi. Kumeneko amagwira ntchito yooneka. Mu 2017, pamene ntchemberezandonda zinaononga chimanga mpaka boma la Malawi kulengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi, kuzindikira mbozi msanga kunali chinthu chachikulu, ndipo chithunzi chooneka bwino cha tsamba lodyedwa chimathandiza mlangizi kupereka uphungu asanafike kumunda. Pulogalamu ya Nuru ya bungwe la PlantVillage imazindikira matenda a chinangwa kudzera pa kamera, ngakhale pamalo popanda netiweki. Ndalama zochokera ku Pretoria nazo zimatha kulowa mu Airtel Money kapena TNM Mpamba tsiku lomwelo.

Zonsezi zimafuna lamya ya kamera yooneka bwino, batire losunga moto kumudzi kopanda magetsi, ndi Android imene mapulogalamu akuilandirabe. Wotumiza achotse akaunti yake ya Google lamyayo isanakwere basi, atsimikize kuti ikulandira simu ya kampani iliyonse, ndipo aike risiti m'bokosi lomwelo. Wolandira naye alembetse simu yake m'dzina lake monga momwe bungwe la MACRA limafunira, ndipo alembe nambala ya IMEI m'kope momwe amalembamo za kumunda.