Foni ikuphunzitsa Chipwitikizi, koma cha kuti?

Wamalonda wa ku Dedza akawolokera ku Angónia, kapena wa ku Mulanje akalowa ku Milange, savutika chifukwa Chichewa chimamuyendetsa. Mavuto amayamba akafika ku Beira kapena ku Nampula. Kumeneko ukalephera kunenerera m'Chipwitikizi, wogulitsa amadziwiratu kuti kwabwera mlendo, ndipo mtengo umakwera pomwepo.

Masiku ano munthu atha kuphunzira chinenerochi ali pakhonde, osaponda m'kalasi. Nzeruyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1990 ku America kudatuluka pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Rosetta Stone, yomwe inkagulitsidwa pa ma CD. Inkaonetsa zithunzi ndi kutchula mawu, wophunzira n'kumalumikiza yekha popanda womasulira. Koma mtengo wake udali wa anthu opata.

Zinthu zidasintha mu 2012 pomwe Luis von Ahn, mbadwa ya ku Guatemala, ndi mnzake Severin Hacker adatsegulira anthu onse Duolingo. Kuphunzira kwake n'kwaulere, chofunika ndi foni yamakono ndi bandulo basi. Phunziro limodzi limatha nsima isanapse, ndipo mawu omwe walakwa amakubwereranso mpaka uwagwire.

Koma apa ndiye pofunika kuchenjera. Chipwitikizi cha pa Duolingo ndi cha ku Brazil, pomwe cha ku Mozambique chidatengera cha ku Portugal n'kuthiramo zakezake. Foni idzakuuzani kuti basi ndi ônibus, koma ku Tete mukamva machimbombo, ndipo minibasi ndi chapa. Sitima yapamtunda foni imati trem, eni ake amati comboio. Chakudya cham'mawa musakafunse café da manhã ayi, kumeneko ndi mata-bicho. Katchulidwenso kamasiyana, moti khutu lozolowera foni limayamba lasokonezeka.

Izi sizikutanthauza kuti nthawi yapita pachabe. Manambala, masiku, moni ndi kapangidwe ka ziganizo sizisiyana kwambiri, ndipo pa malonda manambala ndiwo amapulumutsa thumba.

A ku Karonga okapikula katundu ku Dar es Salaam ali ndi mwayi: Chiswahili chidalowa pa Duolingo mu 2017, ndipo omwe adakonza maphunzirowo adali ku Tanzania komweko.

Chokhumudwitsa n'chakuti Chichewa mulibemo, choncho malangizo muwawerenga m'Chingerezi. Kholo lomwe Chingerezi chimalivuta likhale pansi ndi mwana wa ku sekondale madzulo: mwana aziwerenga, kholo lizitchula mokweza, kenaka likayese mawuwo pa madalaivala a mathiraki pa chipata cha Mwanza kapena Dedza.